Sindinakwatiwe Ayi, Tinkakonza Nyumba ya Agogo

Anzanga, ndiyambe ndi kuthetsa mphekesera. Sukulu itatsegulidwa mu Seputembala ine sindinaoneke kwa masabata atatu, ndipo nditabwera ndinapeza ena mwa inu mutandikwatitsa kale. Ena akuti ndinapita ku Limbe kukagwira ntchito ya m'nyumba, ena akuti ndili ndi pakati, wina mpaka kutchula mwamuna wake, eti wakabaza wa pasiteji paja. Aise, munandilakwiratu! Ine ndinali kwathu, m'manja muli matuza okhaokha, ndikupala njerwa za nyumba ya agogo anga. Ndiye poti aphunzitsi a Chichewa anati bolodi ili ndi la tonse, ndati ndilembe kuti muwerenge nokha, ndisamachite kufotokozera mmodzimmodzi pa buleki.

Nyumba imene ndikunenayi ndi yakale kuposa amayi anga. Anamanga ndi agogo aamuna mu 1973 atabwerako ku Joni kumene ankagwira ntchito mumgodi. Nthawi imeneyo amuna ambiri akuno ankalembedwa ndi Wenela n'kupita kumigodi ya ku South Africa. Mu 1974 ndege imene inanyamula Amalawi ochokera kumigodiko inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, anthu ambiri anafa, ndipo Kamuzu analetsa zolemba anthuzo. Agogo aamuna sanapitenso. Zonse zimene anavutikira pansi pa nthaka zinathera pa nyumba imeneyi: zipinda zitatu ndi pabalaza, njerwa zootcha zomangira matope, malata 22, mawindo ang'onoang'ono a matabwa, ndi chitseko cha mlombwa cholemera ngati ng'ombe.

Agogo aakazi amati anthu ankawaseka amuna awo. Paja kuno kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndiye anzawo ankati, "Mkamwini kumanga ya malata pamudzi pa eni? Akadzakuthamangitsa udzaisenza?" Iwo ankangoyankha kuti sakumangira mudzi, akumangira ana. Ine sindinawaone, anamwalira ndisanabadwe. Ndimawadziwira pa nyumbayi basi, chifukwa ndimagona mmenemo kuyambira ndili Sitandade 3. Amayi ananditumiza kuti ndizithandiza agogo kutunga madzi ndi kuwayatsira moto.

Mukukumbuka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ine ndinali Sitandade 8. Mvula inagwa usana ndi usiku osapuma, nthaka n'kukhuta madzi mpaka kumatuluka tiakasupe pabwalo. Usiku wina tinamva phokoso kumbuyo kwa nyumba ngati wina akung'amba nsalu yaikulu. Nditayatsa tochi ndinaona chipupa chakumbuyo chitang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi, dzanja kulowa bwinobwino. Kenako mphepo inatukula malata a pakona n'kuwapinda ngati chikuto cha kope. Ndinawakoka agogo tinathawira kwa amayi. M'mawa ndinapeza makope anga onse ali phala. Komabe sindingadandaule kwambiri, chifukwa konkuno ku Chiradzulu matope ochokera m'phiri anakwirira nyumba ndi anthu omwe, ndipo ena mwa inu munataya abale. Ife tinangotaya makope ndi tulo.

Mvula itatha, abambo anadula mitengo itatu ya bulugamu n'kuchirikiza chipupa chija kuti chisagwe. Padenga anayala pepala la pulasitiki n'kutsindika ndi miyala. Tinati ndi za masiku ochepa, koma zinakhala choncho chaka ndi theka. Dzinja lotsatira kunali ng'amba ija ya El Niño, chimanga chinapserera m'munda. Agogo ankaseka kuti dzuwa latilanda nsima koma latisungira chipupa, chifukwa kukanagwa mvula yeniyeni bwenzi chitatigwera.

Apa ndinene chilungamo ngakhale chikundichititsa manyazi. Ine nyumba imeneyi ndinkaida. Njira yobwera kusukulu kuno imadutsa kuseri kwathu, ndipo tsiku lina ndili Fomu 1 mnyamata wina, akudzidziwa yekha, anakuwa kuti, "Taonani nyumba yoyendera ndodo ngati eni ake!" Gulu lonse linafa nacho chikhakhali. Nanenso ndinaseka nawo ngati si kwathu, koma mumtima munkawawa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkazungulira njira ya kudimba kuti anthu asandione ndikulowa mmenemo. Anzanga a gulu lowerengera limodzi akati lero tikawerengere kwanu, ndinkanama kuti agogo akudwala.

Mu Juni chaka chathachi amalume anga aakulu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, anaimba pa WhatsApp kudzera pa foni ya aneba. Tonse tinakhala pamphasa kuzungulira foniyo. Iwo ndiwo eni mbumba, ndiye akalankhula timamvera.

"Amayi, nyumba imeneyo yatha," anatero. "Tiigwetse yonse timange ina yamakono. Ndatumiza chithunzi, aoneni."

Chithunzicho chinali cha nyumba ya mawindo akuluakulu agalasi, malata obiriwira, khonde la zipilala. Mtima wanga unadumpha. Ndinayamba kale kuganiza nkhope ya mnyamata uja akadzadutsa.

Agogo anayang'ana pang'ono n'kubweza foni. "Ndi yokongola. Nanga pamene mukumanga ine ndizigona kuti? Ndipo mudzamaliza liti? Taona ya kwa aneba kumtundaku, anagwetsa yakale ana awo atalonjeza, lero chaka chachisanu ili pawindo, m'kati mukumera chisoso. Mwini wake anafera m'khitchini."

"Amayi, ine si ana amenewo."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Koma mukafuna kuigwetsa dikirani ndife kaye. Sipatenga nthawi."

Foni itadulidwa ine ndinapsa mtima. Ndinalankhula mawu amene mpaka lero ndimafuna ndikanawameza. Ndinati, "Agogo, mukukakamira chiyani? Imeneyi ndi nyumba kapena khola?" Amayi ananyamuka kuti andimenye, koma agogo anawagwira mkono. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana, kenako anatenga tsache n'kuyamba kusesa pakhomo pomwe panali posesa kale. Masiku atatu ankangondiyankha "eya" ndi "ayi". Kunena zoona, bola akanandimenya.

Amene anathetsa mkangano ndi amisiri ena achikulire a m'mudzi woyandikana nafe, amene amayi anawaitana kuti adzaone. Anazungulira nyumba kawiri, akugogoda zipupa ndi chipande chomangira, akukumba pansi ndi khasu, kenako anakwera padenga. Atatsika anati zipupa zitatu zili bwinobwino, njerwa zake zinapsa mokwanira moti zikulira ngati mbale. Vuto linali patatu. Choyamba, kumbuyo kunalibe khonde ndipo malata anali aafupi, ndiye kwa zaka 50 madzi a padenga ankagwera m'tsinde mwa chipupa n'kumadya maziko pang'onopang'ono. Freddy anangomalizitsa ntchito imene inayamba kale. Chachiwiri, mitengo ya denga inali itadyedwa ndi chiswe, kunja ikuoneka yabwino koma ukaibaya ndi msomali n'kumatuluka dothi. Chachitatu, dengalo linangokhazikidwa pamwamba osamangiriridwa kuchipupa, n'chifukwa chake mphepo inalitukula mosavuta.

Anawerengera zonse papepala, kukonza ndi kumanga yatsopano, ine n'kujambula pepalalo kutumiza kwa amalume. Ndalama zimene iwo anasunga zinkangokwana maziko ndi zipupa mpaka pawindo, ndendende zimene agogo ananena. Ndiye agogo anandiuza kuti ndijambulenso china. Pakhomo pathu pali sitepe ya simenti, malo okhawo amene agogo aamuna anaikapo simenti nyumba yonse. Pamenepo analemba ndi msomali kuti 1973, ndipo pambali pake pali kaphazi ka mwana. Ine ndinkakaponda tsiku lililonse osafunsa kuti ndi ka ndani. Kanali ka amalume omwewo, ali ndi zaka ziwiri anathamangira pa simenti yaiwisi, bambo awo n'kukana kufufuta. Tinatumiza chithunzicho popanda mawu. Anakhala masiku awiri osayankha. Tsiku lachitatu analemba kuti, "Konzani. Koma sitepeyo musaikhudze." Kaya chinawatembenuza ndi kaphazi kaya ndi masamu a amisiri, mwina zonse.

Ntchito inayamba mu Ogasiti titatsekera. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo ine ndinaona ndi maso. Abambo ndi anzawo awiri anatsitsa denga n'kugwetsa chipupa chakumbuyo mosamala, mzere umodziumodzi kuyambira pamwamba. Ubwino wa njerwa zomangira matope ndi woti zimachoka zathunthu, sizisweka ngati za simenti. Ine ndi azing'ono anga awiri ntchito yathu inali kuzipala ndi zikwanje kuchotsa dothi lakale n'kuziunjika bwino. Ndinkawerenga madzulo aliwonse, zonse zinakwana 1,260. Amisiri anati zimenezi zatipulumutsa, chifukwa kuumba ndi kuotcha zatsopano kukanafuna nkhuni zambiri, ndipo mukudziwa nokha mmene mitengo yathera kuno. Tinangogula zochepa zoonjezera. Madzi tinkatunga kumjigo, ndowa khumi m'mawa dzuwa lisanatuluke, khumi madzulo. Amayi a kumpingo anabwera Loweruka lina kudzatithandiza kututa mchenga kumtsinje, ife n'kuwaphikira thobwa.

Maziko atsopano anakumba ozama mpaka m'mawondo, anaikamo miyala ndi simenti, pamwamba pake n'kuyala pepala lakuda la pulasitiki kuti chinyezi chisamakwere m'chipupa. Chipupa chikukwera, ankalowetsa waya wokhuthala pakati pa njerwa, mizere ingapo pansi pa denga, n'kusiya nsonga zake zili lende kuti adzamangire mitengo. M'zipupa zakale anaboola timabowo n'kupisamo waya yemweyo. Mitengo yonse yatsopano tinaipaka oilo wakuda wotha ntchito amene abambo anakapempha kuchigayo, kuti chiswe chiziipewa. Imeneyo inali ntchito yanga, ndipo diresi limene ndinavala tsiku limenelo pano ndi chokolopera.

Pali chinthu china chimene chinandidabwitsa. Poyamba kona, amisiri anakoka zingwe ziwiri, anayeza masentimita 60 pa chingwe china, 80 pa chinzake, kenako anayeza pakati pa zizindikiro ziwirizo. Anapeza 103, anapukusa mutu n'kusuntha chikhomo mpaka zinakwana 100 ndendende. Nditafunsa chifukwa chake anati, "Zikakwana handiredi ndiye kuti kona yakhala bwino. Anandiphunzitsa choncho amene anandiphunzitsa." Iwo sukulu analekera Sitandade 5. Nditabwerera kuno, tsiku limene aphunzitsi a masamu analemba Pythagoras theorem pabolodi, ndinayesa mwakachetechete: 3,600 kuphatikiza 6,400 ikukwana 10,000, yomwe ndi 100 kuchulukitsa ndi 100. Ndinatsala pang'ono kukuwa. A Fomu 2 mukukumbuka tsiku limene ndinakweza dzanja koyamba m'masamu, mpaka aphunzitsi anavula magalasi? Chinali chimenecho.

Tsopano ndifike pa masabata atatu aja. Chitsikireni mphamvu kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu sinakhazikikenso. Mtengo umene amisiri analemba mu Juni sunali umene abambo anaupeza ku Limbe mu Seputembala. Simenti inali itadya kale ndalama zambiri, ndipo denga latsopano linkafuna malata 24 aataliko kuti madzi azigwera kutali ndi chipupa. Ndalama zotsala zinakwana 17 okha. Amalume anati kwa miyezi iwiri alibe china chotumiza, nawonso lendi ikuwadikira. Nyumba inali pululu kumwamba, agogo akugona m'khitchini mwa amayi, ndipo mvula yoyamba simachenjeza. Zipupa za matope zikanyowa zili zosafolera, ntchito yonse ikanapita pachabe.

Pakhomo panali mbuzi ziwiri. Aliyense ankadziwa kuti ndi za fizi yanga, ndinkazimangirira ndekha ndisanabwere kusukulu. Usiku wina amayi anandiitana kuseri. "Mwanawe, ukuona wekha mmene zinthu zilili. Tigulitse mbuzi, tifolere. Nandolo akauma tidzagulitsa upite kusukulu." Sanandikakamize, anandifunsa. Koma ukanakhala iwe ukanayankha chiyani? Ndinavomera ndi pakamwa, n'kukalira m'chimbudzi kuti asandimve. Nandolo wake chaka chimenecho anali wochepa, ndinkadziwa kuti sangakwane. Lolemba lotsegulira ndinamva mukudutsa kuseri mukuseka, ine ndili pansi kusakaniza matope. Ndinabisala kuseri kwa mulu wa mchenga mpaka munatha. Mumtima ndinkati nyumba yomweyi inandichititsa manyazi, lero yandidyeranso sukulu, chaka cha mayeso a JCE.

Pa malata akale aja, khumi anali obooka ndi opindika, koma 12 anali abwino. Amisiri anawayamikira kuti ndi okhuthala kuposa ambiri a masiku ano. Agogo anawasunga kuseri atawaphimba ndi udzu, ankati adzafolerera khitchini yawo kuti azimvabe mvula ikulira pa malata a amuna awo. Sankalola ngakhale mwana kukhalapo.

Lachisanu la sabata lachitatu ndikuchokera kumjigo ndinapeza ngolo pakhomo, abambo ena akukweza malata aja. Ndinatula ndowa n'kuthamanga, ndimaganiza kuti abambo anga agulitsa mwakuba. Ndinapeza agogo ataima pomwepo akuwerenga okha, "naini, teni..." Ngolo itapita anandiitanira pa sitepe paja, anamasula mfundo ya chitenje n'kundiika ndalama m'manja.

"Lolemba ndisakuone pano."

Ndinagwada. "Agogo, malata a agogo aamuna aja? Nanga khitchini?"

"Khitchini yakhala ya udzu chibadwire iwe, yapha ndani? Agogo ako anati akumangira ana. Nanga iwe ndiwe mbuzi?"

Misozi inangoyamba yokha. Ndinati, "Agogo, mundikhululukire mawu aja." Anandiyang'ana nkhope ili gwa, kenako ndinaona pakamwa pakunjenjemera, akudziletsa kuseka.

"Pita ukaphunzire. Khola lija lakulipirira fizi."

Ndiye ndi mmene ndinabwerera, anzanga. Zolemba za masabata atatu ndinakopera kwa mnzanga wapamtima amene anandibwereka makope ake osandifunsa mafunso ambiri. Iwe ukudzidziwa, zikomo.

Musaganize kuti pano tikukhala m'nyumba ya pachithunzi ija. Ayi ndithu. Pulasitala tinaika kumbuyo kokha, kutsogolo njerwa zikuonekabe, penti palibe. Simenti yapansi ili pabalaza pokha, kuzipinda timazirabe ndi dothi ngati kale. Windo lagalasi ndi limodzi, la pabalaza. Agogo anakana kuti lawo lisinthidwe, akuti safuna anthu aziwaona akugona. Chitseko cha mlombwa chili pomwepo, tinangosintha mahinjesi ndi loko. Koma khonde lazungulira nyumba yonse, ndipo abambo anakumba ngalande yopititsa madzi kumunda wa nthochi. Mu Disembala amalume anatumiza kasola kakang'ono pa basi, ka mababu awiri ndi potchajira foni. Babu limodzi lili pamwamba pa tebulo langa. Kale ndinkawerenga ndi tochi ya mabatire, akatha ndiye kuti kuwerenga kwathanso. Pano amandithamangitsa ndi agogo kuti ndizimitse, akuti kuwalako kukuwalowa m'maloto.

Usiku umene kunagwa mvula yoyamba yamphamvu, ine ndi agogo tinadzuka tonse osauzana. Iwo anatenga beseni, ine ndowa ndi poto, aliyense kuthamangira pamalo pake pamene pankadontha. Tinaika n'kukhala chete kudikira. Palibe dontho. Tinayang'anizana, agogo n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Kenako anatchera khutu kudenga n'kunena kuti, "Atsopanowa akulira mopepera." Ndinadziwa chimene akusowa, ndipo sindinayankhe. Ndalemba kumapeto kwa kope langa la masamu kuti malipiro anga oyamba, kaya adzabwera liti, ndidzagula malata 12 a khitchini. Sadzalira ngati akale aja, koma ndidzagula.

Ambiri a ife pano tikukhala m'nyumba zimene anamanga agogo athu. Mukafika kwanu lero tazungulirani kumbuyo muone pamene madzi a padenga amagwera. Ngati akukumba m'tsinde mwa chipupa, khonde la dothi ndi kangalande sizifuna ndalama, zimafuna khasu ndi Loweruka limodzi. Bayani mitengo ya denga ndi msomali muone ngati chiswe sichinalowe. Auzeni akuluakulu za waya womangira denga, ndi wotchipa kuposa lata limodzi. Ife tinadikira mpaka namondwe atiuze, ndipo zinatidyera mbuzi ziwiri ndi malata a ku Joni.

Ndipo mnzanu akasowa m'kalasi, musathamangire kumukwatitsa. Pitani mukamuone, mwina akungofuna womubwereka kope. A gulu lowerengera, Loweruka lino tikawerengere kwathu. Agogo sakudwala, sanadwalepo, ndinkanama. Polowa muponde bwino pa sitepe, pali phazi la amalume. Nawenso mnyamata wa ndodo uja ubwere, ndodozo tinawaza nkhuni, tidzakuphikira nazo mbatata.

Ndatha ine mnzanu wa mu Fomu 2.